Mmene mungawerengere miyala ya laimu kuti mudziwe nyanja yakale imene inaibala

Amalume anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya kopa ya cha ku Chinhoyi, anaseka mpaka kugwira nthiti tsiku limene ndinawauza kuti mwala wotuwa umene amaimitsira chitseko kunyumba kwawo ku Mufakose unabadwira pansi pa nyanja yamchere. Anati: "Iwe mphwanga, nyanja ku Chinhoyi? Ine ndakumba pansi pamenepo mpaka imvi mbuu, koma sindinaonepo ngakhale chigoba chimodzi cha nkhono." Ankanena zoona, ndipo zimene ananenazo ndi zimene zimasokoneza aliyense woyamba kuphunzira miyala imeneyi kuno ku Zimbabwe. Dolomite, mwala wachibale ndi wa laimu, wa gulu la miyala lotchedwa Lomagundi, amene mapanga a Chinhoyi anabooka mwa iye pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Harare, ali ndi zaka zoposa mabiliyoni 2, pamene zamoyo zokhala ndi zigoba zolimba zinayamba kuoneka zaka pafupifupi mamiliyoni 550 zapitazo. Choncho njira yophweka yodalira zigoba, imene imathandiza m'miyala ya zaka zochepa, kwathu kuno nthawi zambiri siigwira, ndipo munthu amayenera kufunsa mboni zina.

Malangizowa ndalembera makamaka ana athu a ku Mbare, Highfield, Tafara ndi Epworth amene akuphunzira za miyala ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, komanso amene akugwira ntchito kumalo okumba miyala ya laimu ndipo akufuna kumvetsa chimene akuswa tsiku ndi tsiku. Ntchitoyi imafanana ndi mlandu wa pabwalo la mfumu. Chizindikiro chilichonse cha mumwala ndi mboni, ndipo palibe mfumu yanzeru imene imagamula mlandu itamva mboni imodzi yokha.

Musananyamuke

Tengani hamala ya miyala, lenzi yokulitsa zinthu ka 10, mpeni, tepi yoyezera, kampasi, kope lachikuto cholimba, pensulo, botolo la madzi onyowetsera mwala, magalasi oteteza maso, ndi kabotolo ka asidi wa hydrochloric wosungunulidwa kufika 10 peresenti. Mapu a miyala a dera limene mukupitako muwafunse ku Zimbabwe Geological Survey mu Harare momwe muno. Pemphani chilolezo kwa mwini malo kapena woyang'anira pokumba miyala, ndipo kumapanga a Chinhoyi, amene ndi malo otetezedwa, hamala isatuluke m'chikwama. Miyezi yabwino ndi ya pakati pa Juni ndi Okutobala, pamene udzu wauma kapena wapsa, mitsinje yaphwa ndipo matanthwe ali poyera.

Choyamba, tsimikizani mtundu wa mwala

Swani kachidutswa kuti muone mkati mwatsopano, ndipo dontheretsanipo asidi. Mwala wa laimu, umene unapangidwa ndi calcite, umachita thovu nthawi yomweyo ngati mwatsegula botolo la chakumwa. Dolomite, amene ali ndi magnesium pamodzi ndi calcium, amakhala ngati sakumva. Koma mukapala ndi mpeni kuti pakhale kaufa n'kudontheretsa asidi pa ufawo, thovu limatuluka pang'onopang'ono. Miyala yonse iwiri imakandika ndi mpeni, chifukwa kulimba kwa calcite ndi 3 pa muyeso wa Mohs ndipo dolomite amapitirira pang'ono, pamene quartz, amene ndi 7, sakandika. Kunja kwake dolomite wokhalitsa padzuwa amakonda kukhala wofiirira ndiponso wamakwinya ngati khungu la njovu.

Kuchita thovu sikutanthauza kuti mwalawo ndi wa m'nyanja. Ku Dorowa ndi ku Shawa kuno ku Zimbabwe, ndiponso ku Kangankunde, ku Tundulu ndi pachilumba cha Chilwa kwathu ku Malawi, kuli miyala yotchedwa carbonatite imene imachita thovu bwino lomwe, koma inachokera pansi pa dziko ili yamoto ndipo siinaonepo mafunde. Palinso laimu wa m'nthaka amene amaundana m'madera ouma, wina amene amakula pa mathithi ndi pa akasupe, ndi wina wolendewera m'mapanga. Mwala wa m'nyanja mumaudziwa chifukwa umakhala m'magawo osanjikizana amene mungawatsatire mtunda wautali, ndipo umakhala pamodzi ndi miyala ina ya mchenga ndi ya matope imene inadikha m'madzi.

Chachiwiri, pezani kumwamba kwa magawo

Pamenepa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo inenso ndinagwapo. Miyala ya Lomagundi inapindidwa pa nthawi imene mapiri a Magondi ankapangika, zaka pafupifupi mabiliyoni 2 zapitazo, moti magawo ena anaima chilili ndipo ena anatembenuzika chadodolido. Ndili wophunzira ndinatha tsiku lathunthu m'mphepete mwa kamtsinje kena ndikuyeza ndi kulemba, ndipo madzulo ndinali wokondwa kuti ndapeza nyanja imene inkanka iyakuya. Mawa lake mnzanga anandionetsa timitu ta ma stromatolite, timitumbira tomangidwa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, titaloza pansi. Nkhani yanga yonse inali yozondoka: nyanjayo inkanka iphwa.

Kuti zotere zisakuchitikireni, funafunani zizindikiro izi musanalembe china chilichonse. Ma stromatolite amatukuka chokwera, ngati timitumbira. Ming'alu ya matope ouma imakhala yotakata pamwamba n'kumaonda chotsika. Timizere topendekeka ta mkati mwa gawo la mchenga timadulidwa mwadzidzidzi kumwamba koma timagona pang'onopang'ono kumunsi. Gawo limene linadikha kuchokera m'madzi ovunduka limakhala ndi zikuluzikulu pansi ndi zosalala pamwamba, monga momwe zimakhalira mumtsuko wa madzi a mumtsinje mukausiya usiku wonse. Mboni yokhulupirika koposa ndi kabowo kamene kanadzazidwa theka ndi matope, theka lotsalalo n'kudzazidwa pambuyo pake ndi calcite woyera. Mzere wolekanitsa ziwirizi uli ngati levulo ya mmisiri womanga nyumba, chifukwa umaonetsa mmene pansi pa nyanja panagonera tsiku limenelo, ndipo mbali yoyerayo ndiyo kumwamba. Pezani zizindikiro ziwiri kapena zitatu zogwirizana, osati chimodzi.

Chachitatu, yezani ndi kulemba kuyambira pansi

Yambani pa gawo lakale kwambiri n'kumakwera. Kuchindikala kwa gawo kumayezedwa modutsa gawolo molunjika, osati motsata nthaka imene mukuyendapo, chifukwa magawo opendekeka amaoneka okhuthala kuposa mmene alili. Jambulani mzati wa magawowo pa sikelo ya 1:50 ngati thanthwe ndi lalifupi, kapena 1:100 ngati ndi lalitali, ndipo pa gawo lililonse lembani kuchindikala, mtundu, kukula kwa timibulu, zojambulika za mkati, ndi mmene lakhudzirana ndi gawo la pansi pake: kaya lasintha pang'onopang'ono, kaya mwadzidzidzi, kaya lakokolola linzake. Nyowetsani mwala musanauyang'ane ndi lenzi, ndipo musanyoze mbali imene yadyedwa ndi mvula, chifukwa m'miyala imeneyi kawirikawiri kunja kumaonetsa zambiri kuposa mkati.

Chizolowezi chimodzi ndikukupemphani kuti muchigwiritse: tsamba lakumanzere likhale la zimene maso aona, lakumanja likhale la zimene mukuganiza. Mukalemba kuti "dziwe la madzi odekha" pamalo pamene munayenera kulemba kuti "mwala wakuda wosalala, wa timizere topyapyala, masentimita 40", ndiye kuti mwataya umboni n'kusunga chigamulo, ndipo tsiku limene maganizo anu adzasinthe mudzayenera kukweranso basi ya ku Chinhoyi.

Chachinayi, funsani za matope

Funso lalikulu pa mwala uliwonse wa laimu ndi lakuti: kodi matope anatsalamo kapena anachoka? Mafunde ndi mayendedwe a madzi amagwira ntchito ngati mayi wopeta ndi lichero. Pamene madzi akutakasika nthawi zonse, zopepuka zimauluzika ngati gaga n'kutsala timibulu tokhatokha. Pamene madzi ali duu, matope amadikha n'kukwirira zonse. Pa mfundo imeneyi ndi pamene Robert Dunham anamangapo dongosolo lake la mu 1962, limene likugwiritsidwabe ntchito padziko lonse. Mwala umene pafupifupi wonse ndi matope, wokhala ndi timibulu tosakwana 10 peresenti, ndi mudstone. Timibulu tikapitirira 10 peresenti koma tili toyandama m'matope osakhudzana, ngati mtedza wowazidwa m'phala, ndi wackestone. Tikakhala togundana n'kumachirikizana, matope ali m'mipata mokha, ndi packstone. Matope akasowa n'kutsala timibulu tomatidwa ndi calcite woyera wonyezimira, ndi grainstone. Ngati zamoyo zinamanga mwalawo pamalo pomwepo, monga amachitira matanthwe a korali ndi ma stromatolite, ndi boundstone. Mu 1971 Embry ndi Klovan anawonjezera mayina a miyala yokhala ndi zidutswa zoposa mamilimita 2: floatstone ngati zikuyandama m'matope, rudstone ngati zikugundana.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuganiza kuti matope ndi chizindikiro cha kuya. Matope amangonena kuti madzi anali odekha, ndipo madzi amadekha pansi penipeni pamene mafunde safika, komanso m'dziwe la m'mawondo lotchingidwa ndi mulu wa mchenga. Aliyense amene anaima m'mbali mwa nyanja ya Malawi tsiku la mwera amadziwa kuti gombe limodzi limakhala likumenyedwa pamene kuseri kwa chilumba madzi ali phee. Msampha wachiwiri ndi kutengera miyala ya mchenga wamba, kumene mwala waukulu umatanthauza madzi amphamvu amene anaunyamula. Timibulu ta laimu timabadwira pomwepo: chigoba chachikulu chikhoza kugona m'matope osalala chifukwa mwini wake anakhalira pomwepo n'kufera pomwepo.

Chachisanu, dziwani timibulu tokha

Ndi lenzi, yang'anani timibulu tozungulira tosapitirira mamilimita 2, tofanana kukula ngati mazira a nsomba, timene mukatidula timaonetsa mizere yozungulirana ngati anyezi. Amenewa ndi ma ooid, ndipo masiku ano amapangika m'madzi ofunda, osaya kuposa mamita ochepa, amene amagubuduza timibuluto usana ndi usiku, monga ku Bahamas ndi kugombe la Abu Dhabi. Ma ooid odzaza mu grainstone ya timizere topendekeka ndi mboni yamphamvu ya mulu wa mchenga wosambitsidwa ndi mafunde. Koma ma ooid owerengeka omwazikana m'matope akuda akunena zina: anabadwira pamadzi osaya, kenako namondwe anawakokera kwina. Ma peloid ndi timibulu ta matope topanda mizere mkati, ndipo timachuluka m'madzi otetezeka. Ma oncoid ndi akuluakulu, osazungulira bwino, okutidwa ndi ndere, amene ankagubuduzika mwa apo ndi apo. Ma intraclast ndi zidutswa za matope amene anali atayamba kale kulimba n'kuswedwa. Zikakhala zaphanthiphanthi ngati mapale, zimasonyeza matope amene anauma n'kusweka, kapena pansi pamene panasendedwa ndi namondwe.

Mukakhala ndi mwayi wogwira miyala ya zaka zochepa, monga ya pamtunda wa Cheringoma ku Mozambique, imene ndi ya nyengo ya Eocene ndipo ndi yodzaza ndi ma nummulite, tizigoba tooneka ngati tindalama tachitsulo, zigoba zimakuchepetserani ntchito. Ndere zobiriwira za laimu, makorali omanga matanthwe ndi ma foraminifera akuluakulu, monga ma nummulite aja, zimafuna kuwala, choncho zimaloza madzi osaya ndi oyera. Ma echinoderm, zamoyo za m'nyanja za khungu laminga, ndi ma brachiopod, zamoyo za zigoba ziwiri, amafuna mchere wa nyanja yeniyeni, wosachepa ndi wosapyola. Mitundu ikakhala yochepa koma iliyonse ili yambirimbiri, monga tinkhono ndi ma ostracod, tizilombo ta m'madzi ta tizigoba tiwiri, tokhatokha, ganizirani za dziwe lotsekeka la mchere wosinthasintha. Tizigoba ta zamoyo zoyandama tikachuluka m'matope osalala, ndiye kuti muli kutali ndi gombe. Onaninso ngati zigobazo zili zathunthu, zogona mmene zinkakhalira, kapena zoswekasweka ndi zoperepeseka. Ndipo musaganize kuti mwala uliwonse wa laimu ndi wa nyanja yofunda, chifukwa kumwera kwa Australia lero kukudikha laimu wochuluka m'madzi ozizira, wopangidwa ndi ma bryozoan, tizamoyo ta m'nyanja tokhala m'magulu, ndi zigoba, wopanda ma ooid kapena matanthwe a korali.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani zojambulika za m'magawo

M'miyala yathu yopanda zigoba, mlandu waukulu uli pano, choncho musathamange.

Yambani ndi zizindikiro zakuti pansi pankauma. Amene anaona dambo mu Okutobala, matope atang'ambika m'timabwalo tambalimbali, adzazindikira ming'alu yomweyo pamwamba pa gawo la mwala. Pamodzi nayo pamakonda kukhala timabowo tating'onoting'ono totambalala motsata magawo, todzazidwa ndi calcite woyera, totchedwa ma fenestrae, timene tinasiyidwa ndi mpweya ndi ndere zowola. Ndiponso magawo amene anatukuka n'kuthyoka pakati ngati denga la kanyumba, otchedwa ma tepee. Zitatuzi zikapezeka pamodzi, muli pachigwa cha m'mbali mwa nyanja chimene madzi ankachikwera n'kuchisiya. Ngati dziko linali louma kwambiri, mcherenso umasiya mapazi ake ngakhale utasungunuka kalekale: timabokosi ta ngodya zinayi ta mchere wa halite, timaonekedwe ta gypsum tosongoka uku ndi uku ngati njere za nkhaka, tizibuluma ta anhydrite topanikizana ngati waya wa khola la nkhuku, ndi zidutswa za mwala zimene zinagumukira pamalo pamene mchere unasungunuka. Chitsanzo chamakono cha malo otere ndi zigwa zamchere za kugombe la Abu Dhabi.

Mukatsikira m'madzi osauma koma osaya, mumapeza timizere ta mafunde ndi magawo a mchenga opendekeka mkati. Yezani ndi kampasi kumene apendekera, pamalo ambiri ndithu, ndipo mukonze muyesowo ngati magawo anapindidwa. Akapendekera uku m'gawo lina n'kupendekera mbali inayo m'gawo lotsatira, ngati minga ya nsomba, ndiye kuti madzi ankalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku. Kutsika pang'ono, kumene mafunde a masiku onse safika koma a namondwe amafika, mumapeza magawo a matope osinthana ndi magawo a mchenga okhala ndi pansi pakuthwa, zikuluzikulu kumunsi, ndi timizere totukuka ndi kulowa mofatsa ngati timitumbira tosalazidwa. Malire a mafunde a masiku onse nthawi zambiri amakhala pakati pa mamita 5 ndi 15, koma amasiyana nyanja ndi nyanja, choncho ndi bwino kulemba kuti "pansi pa mafunde a masiku onse" kusiyana ndi kutchula mamita amene simungawaikire umboni. Pamalo otsetsereka mumapeza magawo opindikapindika amene ali pakati pa magawo owongoka, kusonyeza kuti anatsetsereka akadali ofewa, ndiponso zibuluma za miyala ya kumtunda zosakanikirana m'matope. Pansi penipeni pamakhala magawo opyapyala, akuda, owongoka ngati masamba a kope, okhala ndi pyrite, wonyezimira ngati golide, ndi chert, mwala wolimba wosalala wa mtundu wa quartz, ndipo ena amanunkha ngati dzira lowola mukawaswa. M'nyanja zamakono laimu amasungunuka asanadikhe pa kuya kwa makilomita pafupifupi 4 mpaka 5, koma miyala yambiri imene mungakumane nayo inadikha pamtunda kwambiri kuposa pamenepo.

Za ma stromatolite ndiyenera kuchenjeza. Ndi timagawo tosanjikizana timene tizamoyo tosaoneka ndi maso tinamanga pogwira matope ndi kuundanitsa laimu, ndipo Zimbabwe ili ndi ena akale kwambiri: a m'miyala ya Belingwe ku Mberengwa, a zaka pafupifupi mabiliyoni 2.7, ndi a kumpoto kwa Bulawayo amene A. M. Macgregor anawafotokoza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940. Chifukwa chakuti otchuka amakono ali m'madzi osaya a Hamelin Pool ku Shark Bay, ku Australia, kumene mchere ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa wa nyanja wamba, ophunzira ambiri akangoona stromatolite amalemba kuti "m'mbali mwa gombe". Kumeneko n'kulakwa. Lero zamoyo zimenezi zimabisala kumalo ovuta chifukwa kwina nkhono ndi zinzake zimazidya. Kale kunalibe wozidya, ndipo zinkamera kuyambira pagombe mpaka pansi pamene kuwala kumathera, monga zikuonekera m'miyala ya Campbellrand ndi Malmani ku South Africa. Choncho yang'anani maonekedwe ake. Ophwatalala, okhala ndi ming'alu ndi ma fenestrae, ndi a pachigwa chouma ndi kunyowa. Oima ngati nsanamira, okhala ndi mchenga ndi zidutswa m'mipata, ndi a m'madzi otakasika, ndipo akakhala otalikira mbali imodzi amaloza kumene madzi ankayenda. Osongoka pamwamba ngati chulu chowonda, opanda mchenga pakati pawo, amakonda madzi odekha osauma.

Chachisanu ndi chiwiri, chotsani zimene zinabwera pambuyo

Mwala wa laimu susunga nkhope yake ngati granite wa ku Domboshava. Aragonite, mtundu wina wa laimu, amasanduka calcite, calcite amalowedwa m'malo ndi dolomite, kutentha kumakulitsa timakristalo mpaka zonse zitafufutika n'kutsala marble wonyezimira ngati shuga. Musanakhulupirire chizindikiro chilichonse, dzifunseni ngati ndi cha nyanja kapena cha pambuyo pake. Mizere yakuda yamanomano ngati msoko wa chigaza, yotchedwa ma stylolite, inapangika pamene mwala unasungunuka chifukwa cha kulemera kwa zapamwamba, ndipo si malire a magawo. Ming'alu yoyandikana imene inadza ndi kupindika kwa miyala imatha kunamizira magawo. Magawo enieni mumawadziwa potsatira kusintha kwa mtundu ndi kukula kwa timibulu. Mapanga ndi zitsime ngati dziwe la Chirorodziva ku Chinhoyi ndi ntchito ya madzi a pansi pa nthaka a posachedwa poyerekeza ndi msinkhu wa mwalawo, pamene phanga lakale lenileni limakhala lodzazidwa ndi lokwiriridwa ndi gawo lotsatira la nyanja.

Dolomite payekha si umboni wa chigwa chamchere. Wosalala kwambiri, wosunga timizere tonse, wokhala pamodzi ndi ming'alu ndi mapazi a gypsum, angakhale wa pachiyambi. Wa makristalo akuluakulu wodutsa magawo mosasamala ndi wa pambuyo. M'dera la Magondi kupsa kwa miyala kumanka kukula mukamapita kumpoto cha ku Karoi ndi kupitirira, choncho sankhani malo amene miyala siinapse kwambiri, ndipo musakhumudwe ndi chert wopezeka mu dolomite: nthawi zambiri ndi iye amene anasunga ma ooid ndi timizere ta ndere pamene kwina konse zinafufutika.

Tengani zitsanzo za gawo lililonse losiyana, mujambulepo muvi woloza kumwamba musanazichotse pathanthwe, ndipo mulembepo nambala yogwirizana ndi mzati wanu. Kulabotale zimadulidwa n'kuperedwa mpaka kupyapyala mamilimita 0.03 kuti kuwala kudutse pa maikulosikopu. Mankhwala a Alizarin Red S amafiiritsa calcite n'kusiya dolomite osasintha, ndipo potassium ferricyanide amapatsa mtundu wabuluu mbali zokhala ndi chitsulo.

Chachisanu ndi chitatu, sonkhanitsani mboni

Tsopano bwererani ku mzati wanu n'kuika pamodzi magawo ofanana, kuti mukhale ndi mitundu yochepa, mwina isanu kapena isanu ndi umodzi, uliwonse ndi nambala yake. Mitundu imeneyi ndi imene akatswiri amaitcha ma facies. Kenako onani kuti uti umakonda kukhala pamwamba pa uti. Johannes Walther anafotokoza mu 1894 kuti magawo osanjikizana popanda kudukiza anachokera kumalo amene anali oyandikana pa nthawi imodzi, ndipo lamulo limeneli ndi limene limamasula msampha wa matope uja. Tiyerekeze kuti mwapeza mudstone wakuda. Ngati pamwamba pake pakubwera magawo a namondwe, kenako grainstone ya ma ooid, ndiye kuti anali wa pansi pakuya ndipo nyanja inkaphwa. Ngati ali pamwamba pa grainstoneyo, ndipo iye n'kutsatidwa ndi ma stromatolite ophwatalala a ming'alu, ndiye kuti anali wa dziwe la kuseri kwa mulu wa mchenga. Mwala ndi womwewo, koma anansi ake ndi amene aulula kwawo. Lamuloli siligwira modumpha malo okokoloka kapena pamene miyala inathyoka n'kusuntha, ndiye chifukwa chake ndinati mulembe mmene gawo lililonse lakhudzirana ndi linzake.

Kawirikawiri mudzaona ndondomeko imodzi ikubwerezabwereza, mita imodzi kapena mamita angapo: madzi osauma pansi, chigwa chouma pamwamba, kenako mwadzidzidzi madzi osauma kachiwiri. Zimatero chifukwa laimu amadikha msanga n'kudzaza malo mpaka kufika pamwamba pa madzi, kufikira nyanja itakweranso kapena pansi patatsika. Werengani maulendo amenewa ndipo muone ngati akunka nachindikala kapena napyapyala.

Mzati umodzi sungakuuzeni maonekedwe a nyanja yonse. Yezani ina kutali ndi kutali n'kuiyerekeza. Ngati mitundu ikusintha mofatsa kuchokera kugombe mpaka pakuya popanda zibuluma zogumuka, pansi panali potsetsereka pang'onopang'ono. Ngati pali mzere wa matanthwe kapena milu ya mchenga, dziwe kuseri kwake ndi zogumuka kutsogolo kwake, panali phompho. Mu Magondi momwemo, akatswiri ambiri amaona miyala ya mchenga ndi dolomite ya Lomagundi ngati ya madzi osaya, ndipo miyala yakuda ya matope ya gulu la Piriwiri, imene ili kumadzulo kwake, ngati ya mbali yakuya ya nyanja yomweyo, pamene gulu la Deweras la pansi pake lili ndi miyala yofiira ya kumtunda ndi mapazi a mchere.

Zoyeza za kulabotale zibwere pomaliza

Kuyeza mitundu ya kaboni ndi okosijeni mumwala n'kothandiza, koma kumafuna kuti muyambe mwadziwa malo amene chitsanzo chilichonse chinadikha. Dzina la Lomagundi ndi lodziwika padziko lonse chifukwa cha zimenezi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Manfred Schidlowski ndi anzake anapeza kuti dolomite wa kuno ali ndi kaboni wolemera wochuluka modabwitsa, pafupifupi magawo 8 pa 1,000 pamwamba pa muyeso, pamene laimu wa m'nyanja nthawi zambiri amakhala pafupi ndi 0. Zofanana nazo zinapezekanso m'miyala ya msinkhu womwewo kumayiko ena, ndipo ambiri amazigwirizanitsa ndi nthawi imene okosijeni anachuluka mumlengalenga. Koma mpaka lero akatswiri akutsutsana ngati chizindikirocho chinali cha nyanja zonse kapena cha madzi osaya ndi otsekeka makamaka, ndipo mkangano umenewo sungathe popanda munthu wogwada pathanthwe ndi lenzi kuti anene gawo liti linali la pagombe ndi liti linali la pakuya.

Polemba chigamulo chanu, tchulani mtundu uliwonse, mboni zake, malo amene mukuganiza, ndi malo ena amene akanathekanso pamodzi ndi chifukwa chimene mwawakanira. Pamene mwala unapsa mpaka osawerengeka, lembani kuti ndi dolomite wa makristalo basi, ndipo musaupatse nyanja imene simunaione.

Mwala wa amalume uja ndinaunyowetsa pampopi n'kuuyang'ana ndi lenzi pakhonde pawo. Unali ndi timizere topyapyala tokwinyika, totukuka pang'ono mbali imodzi, ndi kachingwe ka chert wakuda kodutsa pakati. Ndinawauza kuti timizereto n'kutheka kuti tinamangidwa ndi ndere za m'madzi, ndipo ndinawaonetsa mbali imene inali kumwamba. Anafunsa kuti madziwo anali akuya bwanji. Ndinati: "Amalume, pokhapokha mutandionetsa pamene munautola, ndione umene unali pansi pake ndi umene unali pamwamba pake." Anaganiza kwa kanthawi, kenako anati akukumbukira kuti panali pafupi ndi msewu wopita ku mgodi wa Alaska cha ku Chinhoyi, ndipo tinapangana zopitako udzu ukapsa.